Kakoma ka mu Ng'ombe

Perspex sikonda munthu wamantha. Ukayendetsa makina pang'onopang'ono poopa kuthyola biti, pulasitikiyo imatentha, imasungunuka, nkumamatira ku biti ngati chingamu. Ukayendetsa mwachangu bwino, tizidutswa timatuluka touma, toyera ngati shuga, ndipo chilembo chimatsala chosalala. Nchifukwa chake pogwira ntchito ndimazima wailesi. Khutu limamva msanga kuposa diso kuti zinthu zayamba kupsa.

Makina anga ndi aja ang'onoang'ono a 3018, obwera m'bokosi kuchokera ku China, omanga wekha. Dzinalo ndi muyeso wake chabe: masentimita 30 m'litali, 18 m'lifupi. Ndiye akuluakulu opaka zikwangwani za mabala ndi masaluni ndi burashi asade nkhawa, sindiwalanda nsima. Zanga ndi zing'onozing'ono: nambala ya pageti, zokolekera makiyi, dzina la pachitseko, ndi tizikwangwani tokhomera pamtanda wa kumanda.

Perspex ilipo mitundu iwiri, ndipo ogulitsa zotsala sakuuza nthawi zonse. Ya cast amachita kuthira m'chikombole, ukaizokota zilembo zimayera mbuu. Ya extruded njotsika mtengo koma imasungunuka msanga. Ndimalemba kumbuyo kwa pulasitiki kuti kutsogolo kukhale kosalala, choncho mawu ndimayamba ndawatembenuza pakompyuta, mu Inkscape, ngati mmene amaonekera pagalasi. Ukaika timagetsi ta LED m'mphepete, kuwala kumayenda mkati osatuluka, mpaka kukafika pamene biti inakanda. Pamenepo dzina limayaka lokha mumdima. Malaiti akapita, ana a pakomboni amabwera kudzaona nditalumikiza ku batire.

Koma chimene chimanditengera nthawi si zilembo zikuluzikulu. Ndi kakoma kaja kam'mwamba, kamene kali pakati pa g ndi o m'dzina la komboni ya Ng'ombe.

Zilembo zikakhala za sentimita imodzi, kakomako kamakhala mamilimita awiri kapena atatu. Pakamalo kotere makina sapeza mpata wothamanga: angoyamba, aima kale, biti ikuzungulira pamodzimodzi. Zotsatira zake ndi kadontho kotupa ngati chiphuphu. Ndiye ndimakalemba pakokha, zilembo zina zitatha, biti itazizira. Ndimatenga biti yosongoka ya madigiri 60, ndikulowa pang'ono chabe, mamilimita 0.2, kwinaku ndikupemerera tizidutswa kuti tisabwerere m'dzenjemo.

Anzanga ena amati ndingokasiya. Amati pa Facebook anthu sakalemba, pa minibasi ena sakalemba, ndipo palibe amene anasochera popita ku Ng'ombe. Zoona. Koma ng'oma ndi ija timaomba pachinkhoswe, ngoma ndi nyama ya m'tchire ya nyanga zopiringizika. A Ng'oma alipo, a Ngoma aliponso, ndipo si banja limodzi. Pa foni ukalakwitsa umafufuta. Pa Perspex palibe labala, chimene biti yadya yadya. Ndipo chikwangwani cha pamtanda chidzawerengedwa ndi zidzukulu zimene sizinamvepo mwini wake akutchula dzina lake. Zidzatchula chimene ndinalemba ine.

Manje ndili ndi lamulo limodzi. Dzina likabwera pa WhatsApp lili ndi ng, sindikhulupirira zala za wolembayo, chifukwa pa kiyibodi ya foni kakomako kamabisala ndipo munthu wa maliro alibe nthawi yokafunafuna. Ndimapempha voice note. Achinyamata amaseka, ena amakwiya pang'ono, amati boyi, sudziwa kuwerenga?

Mwezi watha mtsikana wina anafuna chikwangwani cha malemu atate ake, nalemba dzina lopanda kakoma. Nditapempha mawu, anati iyenso amalitchula mmene aphunzitsi ankaliitanira kusukulu, ndiye apereka foni kwa ambuya ake. Uthenga unabwera madzulo, kumbuyo kukumveka nkhuku ndi mbale. Ambuyawo anati, "Mwanangu, mvera bwino," ndipo anatchula dzina la mwana wawo katatu, pang'onopang'ono, mawu akutulukira m'mphuno. Ndinatsegula Inkscape, ndikusuntha zilembo ziwiri kuti kakoma kapeze malo.