Bawuti imodzi yokha

Pa holide yapitayi tinkathandiza amalume ku Chibavi kukonza Sienta yawo. Galimotoyi imanyamula anthu pakati pa Mzuzu ndi Nkhata Bay, ndipo fizi yathu imachokera momwemo. Ikagona tsiku limodzi, pakhomo ponse pamakhala zii.

Mashoko ndi mabushi a kutsogolo anali atatha. Titaikweza pa jeke n'kuichirikiza ndi zitsa, mabawuti onse anamasuka kupatula imodzi. Mvula ya ku Mzuzu ndi matope zinali zitailowerera, dzimbiri n'kuimatiza ku kachitsulo ka m'kati mwa bushi.

Ife, ndi phuma lathu, tinalowetsa paipi ku sipanala n'kuyamba kudumphirapo. Amalume anakalipa: "Mukaithyolera m'katimo muichotsa ndi mano?" Anati tipale dzimbiri ndi bulashi ya waya, tithire WD-40, tigogode mutu wake ndi hamala, kenako tidikire. Kudikirako ndiye kunativuta. Tinaimanga kaye pang'ono tisanaimasule, monga anatiuzira. Nati inatuluka, koma bawuti inakana kusololoka. Za moto anakaniratu, poti mu shoko muli gasi ndipo paipi ya mabuleki inali pafupi.

M'mawa mwake tinaidula ndi sowo mbali zonse ziwiri za bushi, tikusinthana kwa maola awiri. Bawuti yatsopano tinakagula m'tauni, n'kuipaka girisi tisanailowetse. Madzulo amalume anayenda ulendo umodzi wa ku Nkhata Bay, ife tikuchotsabe dzimbiri m'zikhadabo.