Tsegulani zenera, woyendetsa aone msewu

Mwezi wa Juni ndi Julayi kuno ku Angónia kumazizira zedi, moti tikakwera chapa cha m'mamawa kuchoka ku Ulónguè kupita ku Calómuè, aliyense amathamangira kutseka zenera. Posakhalitsa galasi la kutsogolo limangoti mbuu, woyendetsa n'kumalipukuta ndi dzanja limodzi, lina lili pachiwongolero. Ine zimenezi zimandiopsa kuposa maenje a mumsewu, chifukwa nthawi imeneyo m'mphepete mumadzaza njinga zonyamula mbatata ndi ana opita kusukulu.

Abale anga, chifunga chimenechi timachipanga tokha. Mpweya umene timapuma ndi wofunda komanso wachinyezi. Ukagunda galasi lozizira umasanduka timadontho, monga zimachitikira pachivundikiro cha mphika. Ndiye taganizani, anthu odzaza galimoto, ena zovala zanyowa ndi mame! Ngakhale alendo oyenda pa galimoto zokhala ngati nyumba zija amavutika nazo, poti amaphika ndi kugona momwemo.

Mazenera awiri atsegulidwe pang'ono, mpata wa zala ziwiri basi, chinyezi chituluke. Woyendetsa alozetse mpweya wotentha pagalasi, ndipo ukhale wochokera kunja, osati womangozungulira m'kati. Chikhatho chimasiya mafuta pagalasi, mawa lake nthunzi n'kugwira msanga; pafunika kansalu kouma, koyera.

Ndikapempha kutsegula zenera, amayi ena amandiyang'ana ngati mfiti. Ndimangowauza kuti, "Mayi, tisinthane malo, pamphepopo ndikhale ine, inu mufunde chitenje."