Odeon ya ku Leicester Square ndi Ntchito ya Woonetsa Kanema

Odeon ya ku Leicester Square ndi imodzi mwa nyumba zakale zoonetseramo kanema mumzinda wa London. Ili m'dera la West End, komwe kwachuluka nyumba za zisudzo, malo odyera ndi malo ovinira. Inatsegulidwa pa 2 Novembala 1937, ndipo filimu yoyamba kuonetsedwa inali The Prisoner of Zenda. Pamalopo panali nyumba ya zisudzo yotchedwa Alhambra, yomwe inagwetsedwa mu 1936.

Oscar Deutsch, mwini kampani ya Odeon, ankafuna nyumba yoposa zonse zimene anali nazo. Mapulani anajambulidwa ndi Harry Weedon ndi Andrew Mather. Khoma lakutsogolo analikuta ndi miyala yakuda yonyezimira, n'kumangapo nsanja yotalika mamita pafupifupi 37. M'kati munali mipando 2,116 ndi limba lalikulu la kampani ya Compton, lomwe anthu amalitcha The Duchess.

Koma ntchito yeniyeni inkachitikira m'kachipinda kakumwamba, kumbuyo kwa oonera, komwe kunkakhala woonetsa kanema ndi makina ake. Filimu inkabwera m'mipukutu ingapo, uliwonse wotha mphindi pafupifupi 20. Pulojekita imayendetsa zithunzi 24 pa sekondi, choncho filimu ya mamilimita 35 yotalika mamita oposa 27 imadutsa pa mphindi iliyonse. Popeza mpukutu umodzi sunkakwana, mapulojekita ankakhala awiri. Ina ikamaonetsa, woonetsa ankamangirira mpukutu wotsatira pa inayo, maso ali pa ngodya yakumwamba ya kudzanja lamanja la chinsalu. Pamenepo pankatulukira kadontho masekondi pafupifupi 8 mpukutu usanathe, kumuuza kuti alize makina achiwiri. Kadontho kachiwiri kakaoneka, ankatseka kuwala kwa makina oyamba n'kutsegula kwa enawo nthawi yomweyo. Akachita bwino, palibe m'holo amene ankazindikira kuti mpukutu wasintha. Luso lonse la ntchitoyi linagona pamenepo, n'chifukwa chake oonera ambiri sankadziwa n'komwe kuti kumwambako kuli munthu.

Kuwala kunkachokera ku moto wa magetsi wodumpha pakati pa ndodo ziwiri za kaboni. Ndodozi zinkanyeka pang'onopang'ono, ndipo mpata wa pakati pake ukakula, chithunzi chinkazilala. Woonetsa ankayenera kuziyang'anira ndi kuzisintha zikatha. Choopsa chachikulu chinali filimuyo. Mpaka cha m'ma 1950, mafilimu ankapangidwa ndi nayitireti, yomwe imayaka msanga ndipo moto wake suzimitsika ndi madzi. Filimu ikangoima patsogolo pa nyali yotenthayo, inkatha kugwira moto. Pa chifukwa ichi zipinda za makina zinkamangidwa ndi zinthu zosapsa, ndipo timawindo take tinali ndi zotsekera zachitsulo. Mpukutu uliwonse asanauike pa makina, woonetsa ankaudutsitsa pakati pa zala kuti amve pomwe pang'ambika, n'kudulapo ndi kumata.

Deutsch atamwalira mu 1941, kampaniyi inapita m'manja mwa J. Arthur Rank. Wailesi ya kanema itayamba kusunga anthu m'nyumba zawo, opanga mafilimu anakulitsa chithunzi. Mu Novembala 1953 nyumbayi inaonetsa The Robe, filimu yoyamba ya CinemaScope. Chithunzi chake chinali chopanikizidwa m'mbali, ndipo galasi lapadera la pa pulojekita ndilo linkachitambasula. Pa 10 Disembala 1962, Lawrence of Arabia inaonetsedwa koyamba kuno pa filimu ya mamilimita 70, Mfumukazi Elizabeth II ili pomwepo. Mipukutu ya filimu yotereyi ndi yolemera kwambiri, ndipo mawu ake ankakhala pa timizere ta maginito tofuna kugwiridwa mosamala.

Mu 1967 nyumbayi anaikonza kuti ioneke yamakono, n'kuchotsa zokongoletsa zambiri za m'makoma. Kumeneko kunali kuwononga, ndipo zina anadzazibwezeretsa mu 1998.

Masiku ano filimu imabwera ngati fayilo ya pakompyuta, yokhala ndi kiyi woitsegula pa masiku ogwirizana okha. Nyumba zambiri za kanema zinachotsa makina akale, ndipo anthu odziwa kuwayendetsa atsala ochepa. Odeon iyi inasunga ake: mu 2016 inaonetsa The Hateful Eight pa filimu ya mamilimita 70. Chaka chomwecho kampani ya AMC ya ku America inagula Odeon. Mu 2018 nyumbayi inatsekedwa kwa miyezi yambiri, n'kutsegulidwanso mu Disembala ndi dzina loti Odeon Luxe Leicester Square. Holo yaikulu tsopano ili ndi makina a Dolby Cinema ndi mipando pafupifupi 800, ndipo limba la Compton lija analisiya m'malo mwake.