Kapitawo ndi Gelevulo Wake

A kapitawo amene tikukambawa tsitsi lawayerera pa ntchito yomanga misewu. Akaona msewu wothiridwa phula chilimwe chomwechi utayamba kale maenje mvula ya Januwale isanathe, amaima pambali n'kupukusa mutu. Amatola kachidutswa ka phula kamene kasendeka, n'kukanda pansi pake ndi chala. Dothi likatuluka lofumbutuka, kwa iwo mlandu watha: kontilakitala anapambana tenda chifukwa chotchipa, ndipo ndalama imene anachotsa pa mtengoyo anakaibweza pa madzi, pa dizilo wa rola ndi pa gelevulo.

Za kulambula tchire, kukhoma zikhomo ndi kusalaza ndi gireda safuna n'kuzikamba komwe. Akuti zimenezo mnyamata aliyense amazigwira mutu nyengo imodzi. Nkhani yawo ndi gelevulo.

Gelevulo amene amamukonda ndi wofiira uja wa kumtunda, wa timiyala tosakanikirana ndi katondo wochepa. Timiyalato ndi timene timanyamula katundu, katondoyo ntchito yake ndi kutimanga pamodzi. Katondo akachuluka, msewu umatupa nthawi ya dzinja n'kung'aluka nthawi ya chilimwe; akachepa, timiyala timangobalalika pansi pa matayala. Zitsanzo zisanapite n'komwe kukayezedwa, iwo amanyowetsa kadothi pang'ono n'kukapota m'manja. Kakatalika ngati ulusi osaduka, dothi limenelo n'la woumba mbiya, pamsewu lisafike. Za makande a ku Phalombe ndi m'chigwa cha Shire ndiye amachita kukweza mawu: dothi lakuda lija silimvera rola, ungolikumba, ulitaye kutali, ubweretse lina, ngakhale malole ayende mtunda wautali bwanji.

Koma povuta penipeni ndi pa madzi. Gelevulo amayalidwa pang'onopang'ono, muyalo uliwonse wokhuthala mamilimita pafupifupi 150 ukatsenderedwa. Galimoto ya madzi imadutsa, gireda n'kutembenuza, madzi n'kudutsanso. Madzi akachepa, rola ikhoza kuyenda tsiku lonse koma dothilo osagwirana. Akachuluka, pansi pamachita nyekhunyekhu, rola ikadutsa dothi n'kutukumukanso kumbuyo kwake. Pakati pake pali kanthawi kochepa, ndipo mu Okutobala, dzuwa likakwera, kanthawi kameneko kamatha munthu akumwa tiyi. A kapitawo amatapa dothi, kulifinya m'dzanja, kenako kutambasula zala. Liyenera kukhala ngati mbamu ya nsima, logwirana koma losasiya matope m'manja. Akaligwetsa pansi lisweke zidutswa zingapo, osati kumwazika. Zikatero amakodola woyendetsa rola, ndipo kuyambira pamenepo palibe wopita kukadya mpaka muyalowo utatha. Anyamata oyeza amabwera pambuyo ndi mchenga wawo, kukumba kadzenje n'kuwerengera kulimba kwake, ndipo a kapitawo amanyadira kuti kawirikawiri manambalawo amangovomereza zimene dzanja linanena kale.

Dzanja limenelo anawapatsa ndi mkulu wina wa ku Unduna wa Zomangamanga, masiku amene boma linkakonza lokha misewu, antchito akugona m'makampu a m'mbali mwa msewu ndipo makina akuchokera ku bungwe la boma lobwereketsa makina la PVHO. Mkuluyo sankawaitana dzina, ankangoti iwe mnyamata. Ankayenda ndi chipewa chofwifwa, chingwe ndi kachitsulo kosongoka kamene ankabaya nako pansi pofuna kumva polimba ndi pofewa. Mvula ikagwa usiku, ankadzutsa anyamata onse m'bandakucha kuti akaone kumene madzi adutsa, chifukwa pepala la injiniya silinkaonetsa kakhwawa kalikonse. Pamene madzi aima, mkuluyo ankakhomapo chikhomo, ndipo tsiku limenelo nkhani inali ya ngalande ndi makalavati basi. Ankathanso kulamula kuti muyalo wonse ugumulidwe chifukwa pakati pa msewu sipanakwere mokwanira kuti madzi azitsetsereka m'mbali. Anyamata ankang'ung'udza chapansipansi, koma madzulo mkulu yemweyo ankawagawira usipa wa m'thumba mwake. A kapitawo akayamba za madala amenewa, tiyi amazizira m'kapu.

Luso lonselo lili ndi malire ake, ndipo apa m'pamene nkhani yawo imakafika kwa okonza mapulani ku Lilongwe. Malawi alibe doko la panyanja yamchere. Mafuta, feteleza ndi katundu wina amalowa kuchokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, ku Beira kudzera pa Mwanza kapena Dedza, ndi ku Nacala, ndipo wochuluka amabwera pa malole. Pafupifupi malole onsewo amakathera pa msewu wa M1. Mainjiniya amawerengera kuti kulemera kwa pa mzere umodzi wa matayala kukawirikiza kawiri, kuwonongeka kwa msewu kumawirikiza pafupifupi ka 16. N'chifukwa chake a kapitawo sakhala ndi nkhawa ndi minibasi kapena kabaza. Nkhawa yawo ndi lole imodzi yopyola muyeso imene yazemba sikelo usiku n'kulowa msewu wa kumudzi umene unamangidwira ngolo ndi magalimoto ang'onoang'ono.

Pulani ya dziko ya zamtengatenga ya 2017 mpaka 2037 imafuna kuti katundu wolemera azisamukira pa njanji ndi panyanja. A kapitawo amaivomera ndi mtima wonse. Amaloza sitima za malasha zochokera ku Moatize zimene zimadutsa pa Nkaya kupita ku Nacala, n'kufunsa kuti katundu ameneyo akanakhala pa matayala, pa msewu wa ku Liwonde pakanatsala chiyani.

Za ndalama ndiye amadandaula mosabisa. Woyendetsa galimoto amalipira kale msonkho wa misewu pa lita iliyonse ya mafuta, ndipo kuyambira 2021 amalipiranso pa zipata monga cha pa Chingeni, kenako cha pa Kalinyeke. Komabe wopereka ntchito amatha miyezi asanalipire, pamene phula ndi lochokera kunja, logula ndi madola. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imene inalembedwa m'matenda inasanduka nthano. Ndiye pali eni ntchito ena amene amafuna makilomita ambiri akuda oti aoneke pa chithunzi, nakana kulipira makalavati okwanira poti amakhala pansi osaoneka. Namondwe Freddy atakokolola misewu ndi milatho ku Mulanje, Phalombe ndi Chikwawa mu Marichi 2023, a kapitawo anayamba kukana ntchito iliyonse imene pepala lake lilibe ndalama ya ngalande zomangidwa ndi miyala. Ntchito zina zawadutsa chifukwa cha zimenezo, zapita kwa otchipa, ndipo anyamata awo ena atsatira komweko pofuna ganyu. Amene atsala akuwaphunzitsa kufinya dothi m'dzanja asanawalole kukhudza chiwongolero cha rola.