Mlandu wa Kabokosi Koyera

M'nyumba mwathu ku Area 23 muli kabokosi koyera, kukula kwake ngati buku la nyimbo, kamene ana amakatcha rauta. Tinakagula mu 2023, chaka chimene mwana wathu wachisamba, amene ndi mphunzitsi monga ife, anayamba maphunziro oonjezera ali pakhomo pompano. Aphunzitsi ake amaphunzitsa pa intaneti madzulo, ndipo ntchito yolemba imatumizidwanso pa intaneti pomwepo.

Miyezi yoyamba kabokosiko kanatumikira bwino. Koma mu October, dzuwa litafika poswa mtengo, kanayamba khalidwe lachilendo. Phunziro lili mkati, nkhope ya mphunzitsi inali kuuma pa laputopu ngati chithunzi, mau ndi kutha. Pakapita mphindi ziwiri zonse zinali kubwerera, koma mfundo itadutsa kale. Usiku wina zinachitika kasanu. Mwanayo anali ndi ntchito yaikulu yoti atumize pofika Lachisanu la sabata yotsatira, ndipo anauzidwa kuti yochedwa siidzalandiridwa. Ndalama za fizi tinali titakongola ku banki m'khonde ya amai ake.

Tivomereze pano kuti tinayamba ndi kuweruza. Choyamba tinaloza chala magetsi. Kuyambira January 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, tonse tinazolowera kunena kuti chilichonse chovuta ndi magetsi. Komatu Kapichira anali atakonzedwa kale m'chaka cha 2023 chomwecho, ndipo mababu a m'nyumba anali kuyaka pamene intaneti inali kuduka. Tinatembenukira kwa kampani imene inatigulitsa simu khadi, nitiinenera mau osayenera kutuluka m'kamwa mwa mkulu wa mpingo. Potsiriza tinagwira mzime wathu, mnyamata wa Fomu 2, amene amakonda kuonera mpira pa foni. Tinamlanda foniyo, nitiitsekera m'sutikesi. Iye anati, "Bambo, si ine ai," koma sitinamve. Usiku womwewo, foni ili m'sutikesi, intaneti inaduka katatu. Tinakhala chete, ndipo foniyo sitinabweze.

Mmawa mwake mlongo wake anatikhazika pansi, natifotokozera chinthu chimene tifuna kuti makolo anzathu achidziwe. Intaneti imafika m'nyumba pa njira ziwiri zolumikizana. Yoyamba ichokera ku nsanja ya kampani kufika ku rauta. Yachiwiri ichokera ku rauta kufika ku foni kapena laputopu, ndipo imeneyi ndiyo Wi-Fi. Intaneti ikaduka, yang'anani pa foni. Ngati chizindikiro cha Wi-Fi chikadalipo koma palibe chotseguka, mwina vuto lili ku nsanja, kapena bandulo yatha. Koma ngati dzina la Wi-Fi yanu lazimirika, musataye mayunitsi kuimbira kampani, pakuti vuto lili pansi pa denga lanu. Kwathu dzina linali kuzimirika.

Takhala zaka zoposa 30 tikuuza ana a Sitandade 7 kuti poyesa chinthu azisintha mbali imodzi yokha, kenaka aone chotsatira. Tinachita manyazi kuti m'nyumba mwathu sitinatero. Tsono tinayamba.

Loweruka tinatsegula tsamba la rauta limene limaonetsa zipangizo zolumikizidwa. Tinawerenga 11, pamene za m'banja mwathu zilipo zisanu zokha. Pofufuza zinaoneka kuti pasiwedi inatuluka ndi ife tomwe. Tinaipatsa mnansi wina tsiku limene anafuna kutumiza uthenga wa maliro, ndipo kuchokera kwa iye inayenda mzere wonse wa nyumba monga umayendera moto wopalidwa. Titaisintha, intaneti inayamba kuthamanga, bandulo nisiya kusungunuka, koma kuduka kunapitirira.

Lolemba tinasuntha kabokosiko. Kanali kukhala m'kabati, kuseri kwa mbale za alendo, kuopa akuba ndi adzukulu. Titakagwira kanali kotentha ngati mbatata yootcha. Mafunde ake ali ngati a wailesi: khoma la njerwa zootcha limawafoola, ndipo malata ndi zitsulo zimawatchinga koposa. Marauta ambiri amaulutsa pa 2.4 GHz ndi pa 5 GHz. Ya 5 imathamanga koma siipirira makoma, ya 2.4 imafika patali, ngakhale kuti m'makomboni mwathu muno, momwe nyumba zili zothithikana, imapikisana ndi za anansi. Tinakaika pamwamba pa kabati pafupi ndi zenera, ndipo Wi-Fi inafika mpaka kuchipinda chakumapeto. Madzulo inadukabe.

Amene anagwira wakuba ndi mnyamata uja tinamlanda foni. Posowa chochita Lachiwiri madzulo, anatenga kope ndi pensulo, nakhala pansi kuyang'ana tinyali ta kutsogolo kwa rauta, akulemba nthawi iliyonse imene intaneti yaduka. Cha m'ma 9 koloko anadza kwa ife, nagwada, nati, "Bambo, tabwerani mudzaone. Tinyali tonse tikuzima pamodzi, kenaka tikuyaka kamodzikamodzi. Ndipo nthawi zonse filiji ikuyamba yalira." Tinakhala naye pamphasa kudikira. Filiji inati gu! kuyamba kulira, ndipo pomwepo tinyali tonse tinati zii.

Kumasulira kwake nkosavuta munthu ukaona ndi maso. Injini ya filiji podzuka imakoka magetsi ochuluka kangapo kuposa pamene ikuyenda. Filiji yathu ndi rauta zinali pa ekisitenshoni imodzi yotsika mtengo, ya mabowo okhwepa. Injini ikadzuka, mphamvu inali kutsika kwa kamphindi kochepa, koti babu lingophethira, koma kokwanira kuzimitsa rauta. Ndipo rauta ikazima imayambanso pachiyambi kufunafuna nsanja; ndizo mphindi ziwiri zija. Nanga chifukwa chiyani mu October? Ndi mwezi umene amai a kunyumba amachulukitsa mafirizesi ogulitsa, ndipo amawaika m'filiji madzulo kuti aume usiku, kotero kuti injini siipuma nthawi yaitali.

Apa tinakumbukira kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka, chifukwa mafirizesi omwewo ndiwo amagula bandulo ndi kubweza ngongole ya fizi. Amai anangoti, "Filiji yanga musaikhudze, abambo." Sitinaikhudze. Tinaisiya pa soketi yake ya pakhoma, rauta nitiipezera soketi ina kuchipinda chochezera. Tinagulanso chaja chatsopano m'tauni, titatenga chakale kuti tifanizire zolembedwa pamsana pake, 12V, pakuti chaja chosayenera chikhoza kupsereza rauta. Chimene chinatiopsa ndi ekisitenshoni ija. Titaitembenuza tinapeza kuti bowo limodzi linali litada ndi kusungunuka, ndipo inali kugona pansi pa katani. Makolo anzathu, tapitani mukatembenuze zanu.

Mwana wathu anatumiza ntchito yake Lachinai usiku, yonse bwinobwino. Sitinena kuti tsopano zonse zili myaa. Pakati pa 7 ndi 9 koloko madzulo, pamene dera lonse lagwira mafoni, nsanja imalemedwa ndipo intaneti imayenda mwaulesi. Zimenezo sitingathe kuzikonza ife. Choncho iye amakopera mabuku aakulu mbandakucha, anthu ali mtulo.

Foni ija tinaitulutsa m'sutikesi Lachitatu mmawa, banja lonse lili pa tebulo la phala. Tinati, "Mwana wanga, tinakulakwira. Pepa." Iye analandira ndi manja awiri, nayang'ana pansi, nati, "Zikomo bambo." Atakhala pang'ono anafunsa ngati pasiwedi yatsopano azisunga ndiye, popeza yakale inatuluka ndi ife. Amai ake anaseka mpaka kutsamwa, ndipo tinavomera.