Kadimba ka Mtengwa ku Bembeke

Amayi anzanga, amene anafikako ku Dedza m'mwezi wa Julaye akudziwa kuti chisanu cha kumeneko si nkhambakamwa. Ine ndinanyamuka ku Lilongwe dzuwa likuwala bwino, mu Julaye wa 2024, koma titayenda makilomita oposa 80 pa msewu wa M1 tinapeza phiri la Dedza, lija lotalika kupitirira mamita 2,000, litafunda nkhungu, ndipo aliyense m'minibasi anali atakokera chitenje m'mapewa. Titapitirira pa boma pang'ono ndinatsika pa mphambano ya ku Bembeke, pamene amayi amayala mbatata ya kachewere, nyemba, kabichi ndi matimati m'mbali mwa msewu, ndipo ndinakwera kabaza kulowera chakum'mawa.

Ulendowu unali wokazonda mng'ono wanga amene anatengedwa chitengwa kudera limeneli. Chimene chinandidzutsa ndi mawu ake pa lamya, akuti, "Achemwali, tabwerani mudzandimvere, kadimba kanga kandiutsira mapokoso." Ndinadabwa kuti mpiru ungadanitse bwanji anthu, makamaka kudziko kumene ndiwo zamasamba ndiye chuma cha aliyense.

Bembeke ndi dziko lokwera, la zitunda ndi zigwa, la mitengo ya paini, bulugamu ndi mapichesi. Kumeneku ndiko kuli tchalitchi chachikulu cha dayosizi ya Dedza, ndipo munthu akayenda pang'ono chakum'mawa amaona dziko likutsetsereka kulunjika ku Mtakataka ndi kunyanja. M'chigwa chilichonse muli dambo, ndipo m'dambo lililonse muli madimba obiriwira ngakhale pakati pa chilimwe. Koma madimba amenewa ali ndi eni ake. Ambiri ndi a ana aakazi a m'mudzimo, amene anasiyiridwa ndi amayi awo. Mtengwa akafika amapeza malo onse a chinyontho atagawidwa kale. Mng'ono wanga atatopa n'kugula ndiwo za tsiku ndi tsiku, makamaka mitengo ya zinthu itakwera kwacha itagwa mphamvu mu Novembala wa 2023, anatenga khasu n'kutipula kamalo ka kuseri kwa nyumba yake, mapazi khumi m'litali ndi asanu ndi limodzi m'lifupi.

Nditaonetsedwa kadimbako ndinaima kanthawi. Munali mabedi anayi a mpiru, repu, tchayinizi ndi anyezi, bonongwe atamera m'mphepete, tsabola pangodya, ndi chitedze cha nyemba chitayanga pampanda. Pansi ponse anayalapo udzu wouma kuti chinyontho chisathawe. Madzi ake anali otsukira mphale ndi mbale, kuwonjezera ndowa ziwiri za kumjigo m'mawa ndi madzulo. Usiku umenewo, tikuwotha moto m'khitchini, anandifotokozera mmene mawu a anansi ake anayendera, ndipo ndinaona kuti mawuwo anali ndi nyengo zake monga mmene mbewu ikhalira ndi nyengo zake.

Poyamba kunali kuseka. Amayi popita kumjigo ankaima panjira n'kumafunsana mokweza kuti, "Kodi kwawo kwa mtengwayu kulibe madambo? Nanga munthu n'kumapalasa pakhomo ngati nkhuku?" Apongozi ake nawo sanakondwe. Kwa iwo pakhomo pa mkazi wolongosoka pamadziwika ndi tsache, bwalo loyera losesedwa mpaka kuseri, lopanda kaudzu kobisala njoka. Tisawaweruze msanga akuluakuluwa, pakuti mwambo wosesa bwalo mbee unali ndi nzeru yake: njoka ndi zinkhanira zimaonekera patali, ndipo moto wolusa wa m'chilimwe sufika padenga.

Mbewu zitamera, kuseka kunasanduka malangizo. Aliyense wodutsa anasanduka mlangizi. Wina akuti wabzala mothithikana, wina akuti popanda feteleza wa kusitolo sipatuluka kanthu, wina akuti madzi a sopo awotcha mizu. Mng'ono wanga ankangoti, "Zikomo, amayi, ndamva," n'kusankhapo zomuthandiza. Ndipo zina zinamuthandizadi, monga langizo la gogo wina loti madzi a sopo azithira pansi m'mbali mwa bedi, osati pamasamba, ndi kuti phulusa la pamoto asamataye.

Masamba atakula, kunabwera timbale. Ana ankatumidwa madzulo, akugwada pakhomo n'kunena kuti, "Akuti mutigawireko ndiwo." Chaka chimenecho mvula inadula m'madera ambiri, mwakuti mu Malichi wa 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 a dziko lino agwidwa ndi tsoka la chilala, ndipo ndalama yogulira ndiwo inali yosowa m'makomo ambiri. Mng'ono wanga ankathyola n'kupatsa, koma mabedi anayi sangadyetse mudzi. Tsiku limene anabweza kambale koyamba kopanda kanthu ndi tsiku limene anamva kuti iye ndi womana.

Kenaka kunabwera mbuzi. Monga mudziwa, m'midzi yathu anthu akakolola amamasula ziweto kuti zizidya mapesi, ndipo m'chilimwe udindo wotchinga uli ndi mwini mbewu, osati mwini mbuzi. Mbuzi za mnansi wa kumtunda zinathyola mpanda wa mapesi n'kumaliza bedi lathunthu la repu. Mng'ono wanga atapita kukadandaula, anayankhidwa kuti, "Inu munabzala panjira ya mbuzi, mumati zidzere kuti?" Mawuwo anamuwawa, koma mwamuna wake anamuuza kuti pa mwambo wa m'mudzimo mlandu wake sukanapita patali. M'malo mwake anadula nsungwi n'kumanga mpanda wolimba, ndipo mpanda umenewo nawo unabala mawu ake, akuti mtengwa wadzitsekera ngati mzungu.

Mawu otsiriza ndi amene anamulanda tulo. Nsabwe za m'masamba zitagwira madimba ena kudambo, kadimba kake kali gwa, kunayamba manong'onong'o akuti mtengwa ali ndi mankhwala, ndipo amakoka chonde cha m'minda ya anzake usiku. Amayi anzanga, mawu otere si ocheza nawo. Alipo amayi m'dziko muno amene anathamangitsidwa m'midzi, ena kuvulazidwa kumene, chifukwa cha kunong'ona kumene kunayamba motere. Lamulo la dziko lino, lija linakhazikitsidwa mu 1911, limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, komabe lamulo silingakutungire madzi anzako akakusala pamjigo.

Amene anazimitsa motowu ndi apongozi aja anadana ndi kadimbako poyamba. M'mawa wa tsiku lachitatu ndili konko, anaitana amayi oyandikana nawo n'kunena kuti, "Bwerani mudzaone mankhwala a mpongozi wanga." Onse atafika, anauza mng'ono wanga kuti afukule dzenje la kuseri kwa bafa. M'menemo munali zinyalala za pabwalo, makoko a nyemba, zitosi za nkhuku, phulusa ndi ndowe, zoikidwa m'mizere n'kumathiridwa madzi kwa miyezi itatu kufikira zitasanduka dothi lakuda lonunkhira ngati nkhalango. Gogoyo anatapa dothilo m'manja n'kuuza mwini mbuzi uja kuti, "Ndowe zimenezi ndi za mbuzi zanu, amake mwana. Ngati pali kukhwima, ndiye kuti okhwima ndinu." Anthu anaphulika kuseka, ndipo manyazi anagwira amene anayenera kuwagwira.

Pambuyo pake mng'ono wanga anawaonetsa ndowa ya madzi onyikamo tsabola wosinja ndi kachidutswa ka sopo, amene amawaza pamasamba kuthamangitsa nsabwe, n'kudikira masiku angapo asanathyole ndiwo. Kenaka anazula mbande za mpiru ndi repu pa nazale yake n'kupatsa aliyense kamtolo, nati, "Amayi anga, masamba ndikakupatsani atha lero, koma izi mukathirira mudya mwezi wamawa." Akulu anati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine ndinaona tsiku limenelo kuti kalumoko kamaopsa anthu kufikira mwini wake atawabwereka.

Sindikunamizeni kuti zonse zinatha pomwepo. Mayi mmodzi anakana mbande, ndipo mpaka tsiku limene ndinachoka ankayankha moni akuyang'ana kumbali. Koma nditabwererako mu Okutobala, kutatentha, ndinaona timipanda ta nsungwi kuseri kwa nyumba zingapo, ndipo nkhani ya pamjigo inali yofunsana kuti mpiru wa yani wachita bwino. Apongozi aja anali atayanika mfutso pamphasa, akukonzekera kumanga zikwatu, ndipo bwalo lawo la kumaso linali losesedwa mbee monga mwa kale. Tsache ndi khasu zinali zitagawana malo.

Pobwerera ku Lilongwe ndinamanga njere za mpiru pamfundo ya chitenje, ndipo ndinakazifesa m'matumba akale a simenti pakhonde la nyumba yathu ya lendi ku Kawale. Sabata isanathe mnansi wanga anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Anzathu, mwatibweretsera mudzi m'tauni? Nanga bilu ya madzi alipira ndani?" Ndinaseka, pakuti ndinazindikira kuti nyengo yoyamba ija yafika, ndipo zina zikubwera m'mbuyo.

Tsono inu amene mukufuna kuyamba kadimba pakhomo, kaya kumudzi kaya m'tauni, dziwiranitu kuti walira mvula walira matope: mukubzala pamaso pa anthu, ndipo anthu adzalankhula. Mangani mpanda wolimba mbewu isanamere kuti musadzadane ndi mwini mbuzi. Fesani nazale yoposa imene mukufuna, kuti wopempha ndiwo mudzampatse mbande. Dzenje lanu la manyowa likhale poonekera, ndipo wofunsa muzimuyankha osabisa kanthu. Inunso amene muli kuseri kwa mpanda, mukaona pakhomo pa mnzanu pabiriwira, musayambe ndi kunong'ona pamjigo. Odirani, lowani, mufunse kuti, "Amayi, mwatani kuti zitere?" Mwina mudzatulukamo ndi kamtolo ka mbande m'manja, ndipo ana anu adzadya ndiwo zamasamba chilimwe chonse.