Za Kutchinga Dziwe Lozungulira ndi Matabwa

Abale athu, amene akumba kadziwe pakhomo kapena kudimba, kuti asungemo madzi othirira ndiwo ndi kuwetamo tinsomba, aona msanga kuti kukumba ndiyo ntchito yaing'ono. Yaikulu ili m'mphepete. Pakuti dothi la m'gombe likanyowa ligumuka, ndipo mwana wodzatunga madzi aterereka nalo. Mwana wongoyamba kuyenda atha kumira ngakhale m'madzi osafika m'mawondo a munthu wamkulu. Nchifukwa chake ife tinena kuti pokhoma thabwa la m'mphepete mwa dziwe tiyambe taganizira phazi la mwana, kukongola kudze pambuyo.

Tsono vuto nali: thabwa lichokera kwa mmisiri lili lowongoka, pamene dziwe lili lozungulira ngati lichero. Akulu anati kuwongola mtengo mpoyamba. Ife taona kuti kuupinda nakonso kufuna mtengo wanthete kapena wopyapyala. Thabwa lochindikala mukalikakamiza, lithyoka pomwepo, kapena livomera lero, koma pakutha kwa mvula lizula misomali ndi kubwerera mwakale.

Makolo athu anaidziwa nkhani imeneyi, popeza nyumba zao ndi nkhokwe zao zinali zozungulira. Anazika nsichi zowongoka motsatana, nazimanga ndi mbariro zofewa, khoma nkuzungulira lokha. Momwemo tingazike zikhomo zazifupi mokhudzana, chilichonse cha masentimita 60, ndipo 40 mwa amenewo alowe pansi. Kuti tidziwe kuchuluka kwake, tiyese dziwe podutsa pakati, tichulukitse katatu, tionjezepo pang'ono. Dziwe la mamita 2 podutsa pakati lili ndi gombe la mamita 6 ndi masentimita ngati 30; zikhomo za masentimita 10 m'mimba mwake zifunika 63.

Amene afuna thabwa logona asankhe lopyapyala, la sentimita imodzi, aliviike m'madzi masiku angapo kuti lifewe. Ayambe wazika zikhomo kumbali ya kumtunda, motalikirana theka la mita, ndipo moyandikana koposa pamene gombe lakhota kwambiri. Pamenepo akhome thabwa chikhomo ndi chikhomo, osalumpha, mnzake atagwira nsonga. Pamwamba pa loyambalo asanjikepo lachiwiri ndi lachitatu, malumikizo asagwere pamodzi. Matabwa atatu opyapyala otere alimba ngati limodzi lochindikala. Amisiri ena acheka timizere ndi macheka kumbali yoyang'ana kumadzi, thabwa lochindikala nkupindika. Koma ife sitiikonda njirayi, chifukwa timizereto tisunga chinyezi, ndipo kuwola kuyambira momwemo.

Pa mitengo, muwanga ndi mlombwa zipirira chiswe ndi chinyontho zaka zambiri. Nsungwi ipindika mosavuta, koma m'dothi lonyowa siikhalitsa. Mkungudza wa ku Mulanje tiuleke, pakuti watsala pang'ono kutheratu m'phirimo. Nsonga zolowa pansi tiziwaule pamoto mpaka zide, monga achitira omanga makola. Oyilo wakuda wa galimoto asayandikire dziwe, pakuti asungunukira m'madzi napha nsomba. Misomali ikhale yokutidwa ndi zinki, yosachita dzimbiri msanga. Ngati pansi pa dziwe tayalapo pulasitiki, chikhomo chilichonse chikhale kunja kwake, chifukwa kabowo kamodzi kakwanira kuphwetsa dziwe lonse.

Chinanso, madzi sakondera mmisiri. Khoma la nyumba likapendekeka pang'ono, alendo sazindikira. Koma madzi agona molingana mbali zonse, naonetsa poyera mbali imene thabwa latsika. Choncho tisanamalize kukhoma tidzaze dziwe, tiyese ndi kamtengo kuchokera pamadzi kufika pamutu pa chikhomo chilichonse, tikonze zotalika ndi zofupika.

Potsiriza titsindire dothi kumbuyo kwa matabwa, kenaka bambo wa pakhomopo aponde pamwamba pake ndi thupi lake lonse, kuzungulira dziwe lonse. Pamene pagwedezeka pansi pa munthu wamkulu, tizikepo chikhomo china tsiku lomwelo. Mvula ikatha chaka ndi chaka tibwerezenso kuyenda kumeneku, tilase zikhomo ndi mpeni pamene zikumana ndi dothi, ndipo chofewa tichizule. Ngakhale zitero, thabwa silisunga mwana. Pakhomo pali ana aang'ono, dziwe likhale ndi mpanda wake ndi chitseko chotsekeka.